Kutsegula zithunzi ndi mawu kuchokera mu ZIP pa masewera olembedwa ndi SDL2

Mphunzitsi wa ku Santhe analemba kuti:

Moni kwa nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Santhe, m'boma la Kasungu, ndipo pa nthawi yanga yopuma ndakhala ndikulemba masewera a pa kompyuta othandiza ana a Sitandade 1 ndi 2 kuphunzira maphatikizo. Mwana amaona chithunzi cha mbuzi, amamva mawu akuti "mbu", kenako amasankha phatikizo lolondola mwa atatu amene aonekera m'munsi. Ndikulemba m'chiyankhulo cha C, ndipo ndikugwiritsa ntchito laibulale ya SDL2, yothandiza kulemba masewera, pamodzi ndi SDL_image ya zithunzi, SDL_mixer ya mawu ndi SDL_ttf ya zilembo.

Masewerawo akuyenda bwino pa laputopu yanga, koma vuto lili pa kagawidwe kake. Muli mafayilo ang'onoang'ono oposa 300: zithunzi za PNG, mawu a WAV amene ndinajambula ndekha, nyimbo ziwiri za OGG ndi font imodzi. Ndikapatsa aphunzitsi anzanga pa flash, kawirikawiri zimafika zosakwanira. Wina amakopera pulogalamu yokha n'kusiya mafoda, wina amasintha dzina la foda osadziwa kuti pulogalamu imalidalira, ndipo nthawi zina kachilombo ka pa flash kamabisa mafoda onse n'kusiya ma shortcut okhaokha. Choncho ndikufuna kuti zithunzi, mawu ndi nyimbo zikhale m'fayilo imodzi ya data.zip, kuti munthu azingonyamula zinthu ziwiri basi, pulogalamu ndi fayiloyo.

Zimene ndayesa ndi izi. Poyamba ndinalemba IMG_Load("data.zip/zithunzi/mbuzi.png"), poganiza kuti popeza Windows imatsegula ZIP ngati foda, SDL nayonso itero, koma inandiyankha kuti fayiloyo kulibe. Kenako ndinayesa gzopen ya mu zlib, laibulale yopanikizira ndi kumasulira deta. Iyo sinakane, koma nditasindikiza zimene yawerenga ndinaona zilembo ziwiri, PK, zotsatiridwa ndi zizindikiro zosawerengeka, ndipo chithunzi sichinatuluke. Pomaliza ndinagwiritsa ntchito minizip, kalaibulale kowerengera ZIP, kuwerenga fayilo iliyonse n'kuika m'buffer, kutanthauza malo a memory amene ndinapempha ndi malloc, kenako n'kupereka bufferyo kwa SDL kudzera mu SDL_RWFromConstMem. Apa zithunzi zonse zikuoneka, mawu a maphatikizo akumveka, koma nyimbo imangoyamba pang'ono kenako pulogalamu yonse imatsekeka yokha, ndipo nthawi zina zilembo za pa sikirini zimasokonekera zisanafike pamenepo.

Ndikupempha thandizo pa zinthu ziwiri. Kodi njira yoyenera yowerengera mafayilo a m'ZIP pa masewera ndi iti? Nanga n'chifukwa chiyani njira imodzi yomweyo ikugwira pa zithunzi koma ikugwetsa pulogalamu pa nyimbo? Ndithokoza kwambiri.

Wa ku Nkhamenya analemba kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chofotokoza vuto lanu mwatsatanetsatane, chifukwa zilembo za PK zimene mwatchulazo zikuonetsa pamene pali chisokonezo. Pali ntchito ziwiri zosiyana zimene timakonda kuziona ngati imodzi: kumanga mafayilo ambiri kukhala phukusi limodzi, ndi kupanikiza fayilo kuti ichepe kukula. Ife a kuno ku Kasungu tikudziwa kuti kusanja fodya m'bokosi ndi ntchito ina, ndipo kumudinda ndi jeke kuti belo lichepe ndi ntchito inanso. Pulogalamu ya gzip imangodinda, ndipo imadinda fayilo imodzi yokha. Ya tar imangomanga phukusi popanda kudinda. ZIP imachita zonse ziwiri, koma chofunika kudziwa n'chakuti imapanikiza fayilo iliyonse payokhapayokha, ndiye chifukwa chake n'zotheka kutulutsamo chithunzi cha mbuzi chokha osakhudza mafayilo enawo.

Kalembedwe ka ZIP kanayambitsidwa ndi Phil Katz mu 1989, ndipo PK ndi zilembo zoyamba za mayina ake, zimene zimapezeka kumayambiriro kwa fayilo ya ZIP. Njira yopanikizira imene ZIP imagwiritsa ntchito kwambiri ndi Deflate. Iyo imayang'ana mbali za deta zimene zabwerezedwa m'makilobaiti 32 apitawo n'kungolemba kuti "bwererani mtunda wakuti, koperani mabaiti akuti", kenako zizindikiro zopezeka kawirikawiri imazipatsa ma code aafupi mwa njira ya Huffman. Laibulale ya zlib, imene Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anaitulutsa mu 1995, imadziwa bwino Deflate komanso kalembedwe ka gzip, koma payokha sidziwa kakonzedwe ka phukusi la ZIP. Fayilo ya gzip imayamba ndi mabaiti awiri, 1F ndi 8B, ndipo gzopen ikapeza fayilo yosayamba ndi mabaiti amenewa siikana, imangoiwerenga momwe iliri. Ndiye zimene munasindikiza zija zinali mabaiti a phukusi lenilenilo, osati a chithunzi chanu.

Mkati mwa ZIP, fayilo iliyonse ili ndi kamutu kake kotsatiridwa ndi deta yake, ndipo kumathero kwa phukusi kuli mndandanda wonena dzina la fayilo iliyonse, pamene yayambira, kukula kwake isanapanikizidwe ndi itapanikizidwa, njira imene yapanikizidwira, ndi nambala ya CRC-32 yotsimikizira kuti deta sinaonongeke. Pulogalamu yowerenga ZIP imayamba yapita kumathero kukapeza mndandandawo, kenako n'kulumphira pa fayilo imene ikufuna. Izi zili ndi ubwino wina kwa inu: munthu akazula flash kukopera kusanathe, mndandanda uja sufika, ndipo phukusi limakanika kutsegulidwa masewera akungoyamba. Mukhoza kumuuza mphunzitsi nthawi yomweyo kuti akoperenso, m'malo moti masewera adzagwe pakati pa phunziro chifukwa chithunzi chimodzi chikusowa.

IMG_Load inakana chifukwa imapempha Windows kuti itsegule fayilo ya pa disk, ndipo kwa Windows data.zip ndi fayilo wamba. Kuoneka ngati foda kuja ndi luso la Explorer yokha, pulogalamu ya Windows yoonera mafoda, mapulogalamu ena salandira nawo.

Njira ya minizip imene mwafikapo si yolakwika, koma ine ndingakulangizeni PhysicsFS, imene ambiri amaitchula kuti PhysFS. Anailemba ndi Ryan C. Gordon, yemwenso ndi mmodzi mwa osamalira SDL, ndipo inapangidwira ntchito imeneyi ya masewera. LÖVE, chida cholembera masewera, imagwiritsa ntchito iyo, moti fayilo ya .love ndi ZIP imene yangosinthidwa dzina, ndipo Allegro 5, laibulale ina ya masewera, ili ndi gawo lolumikizana nayo. M'foda ya extras ya PhysFS muli physfsrwops.c, kafayilo kamene kamalumikiza PhysFS ndi SDL_RWops, njira imene SDL imawerengera deta. Mukakaphatikiza m'pulojekiti yanu, ntchito yonse imachepa chonchi:

PHYSFS_init(argv[0]);
PHYSFS_mount("data.zip", NULL, 1);
SDL_RWops *rw = PHYSFSRWOPS_openRead("zithunzi/mbuzi.png");
SDL_Surface *mbuzi = IMG_Load_RW(rw, 1);

M'masewera enieni musalembe "data.zip" payokha monga ndachitira pamwambapa. Yambani ndi PHYSFS_getBaseDir, imene imakupatsani foda yomwe pulogalamu ili, n'kuwonjezera dzina la phukusi kumapeto kwake, chifukwa munthu akatsegula masewera kudzera pa shortcut, foda imene Windows ikugwirirapo ntchito ikhoza kukhala ina. Komanso PHYSFS_mount imalandira foda wamba chimodzimodzi ndi ZIP. Pamene mukulemba ndi kuyesa, ikani foda ya data kuti musamamange phukusi nthawi iliyonse mwasintha chithunzi, ndipo pogawira anzanu ikani data.zip. Mzere umodzi wokha ndi umene umasintha.

Za nyimbo ndisiyira ena amene amagwira ntchito ndi SDL_mixer kuposa ine, ngakhale ndikuganiza kuti nkhani ili pa buffer.

Mayi wa pa Boma analemba kuti:

Achimwene a ku Nkhamenya anena zoona, nkhani ili pa buffer, ndipo ndikufuna kuifotokoza bwino chifukwa vutoli limagwira anthu ambiri ndipo silionekera msanga.

Aphunzitsi, ndikukhulupirira kuti muli ndi function imodzi imene imachita malloc, kuwerenga fayilo ya m'ZIP, kuipereka kwa SDL, kenako n'kuchita free, kutanthauza kubweza memory ija. Pa zithunzi palibe cholakwika, chifukwa IMG_Load_RW imawerenga chithunzi chonse nthawi imodzi, n'kuchisandutsa SDL_Surface yokhala ndi memory yakeyake, ndipo ikabwerera sifunanso buffer yanu. Mix_LoadWAV_RW nayonso imatero: mawu onse a "mbu" amamasulidwa n'kusungidwa mu Mix_Chunk nthawi yomweyo. Koma Mix_LoadMUS_RW ndi yosiyana. Nyimbo ndi yaitali, choncho SDL_mixer siimasula yonse. Imawerenga kachigawo, kuimba, kubwereranso kudzatenga kachigawo kena, mpaka nyimbo itatha, ndipo kuwerengako kumachitika pa thread ina ya mawu, mbali ya pulogalamu imene imayenda payokha. Inu mukachita free pamene nyimbo yangotsegulidwa, SDL_mixer imapitiriza kuwerenga malo a memory amene mwabweza kale. Kwa kanthawi mabaiti akale amakhala akadali pomwepo, n'chifukwa chake nyimbo imayamba bwinobwino, koma chithunzi chotsatira chikangopempha memory n'kulemba pamalopo, pulogalamu imagwa.

Zilembo zimene zikusokonekera nazo zachokera pomwepo. TTF_OpenFontRW siwerenga font yonse poyamba, imabwerera ku fayilo nthawi iliyonse ikafuna chilembo chimene sinajambulepo. Mwana akafika pa phatikizo lokhala ndi chilembo chatsopano, font imakawerengedwa ku memory imene si yanunso.

Pali chinanso chimene chimasocheretsa anthu. Nambala 1 imene timalemba kumapeto, monga mu IMG_Load_RW(rw, 1), imauza SDL kuti itseke SDL_RWops ikamaliza. Siiuza kuti ibweze buffer imene munatenga ndi malloc. Bufferyo ndi udindo wanu. Ndiye lamulo lake n'lakuti pa chithunzi ndi pa mawu aafupi, chitani free mukangomaliza kutsegula. Pa nyimbo sungani buffer mpaka mutaitana Mix_FreeMusic. Pa font isungeni mpaka mutaitana TTF_CloseFont. Ine ndimakonda kupanga struct yaing'ono yosunga Mix_Music pamodzi ndi buffer yake, kuti ziwirizi zizimasulidwa pamalo amodzi, nyimbo poyamba, buffer pambuyo.

Mukasamukira ku PhysFS ndi physfsrwops.c monga akulangizirani, vutoli limatha lokha, chifukwa palibenso buffer yanu: SDL_mixer imawerenga molunjika kuchokera m'phukusi kachigawo ndi kachigawo. Chokhacho choti musamale ndi dongosolo lotsekera. Imitsani nyimbo, masulani nyimbo ndi font, ndipo PHYSFS_deinit ibwere pomaliza penipeni.

Ndiwonjezere za mawu anu a WAV, chifukwa ndikudziwa kuti makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu ndi akale ndipo RAM yake ndi yochepa. Mawu a 44,100 Hz, a 16-bit, a stereo amadya mabaiti 176,400 pa sekondi iliyonse, zomwe ndi pafupifupi 10 MB pa mphindi imodzi. Kupanikiza m'ZIP kumachepetsa malo pa flash basi, koma mawuwo akatsegulidwa amabwerera pa kukula kwake konse mu RAM. Dulani zii amene ali kumayambiriro ndi kumathero kwa mawu aliwonse, ndipo musatsegule maphatikizo onse masewera akamayamba. Tsegulani a phunziro limene mwana wasankha, n'kuwamasula akapita pa phunziro lina.

Mphunzitsi wa ku Santhe analembanso kuti:

Zikomo kwambiri achimwene, zikomonso amayi. Ndaika PhysFS ndi physfsrwops.c, ndipo nyimbo ikuimba mpaka kumathero popanda kugwa, zilembonso zikuoneka bwino. Ndinakayesa pa kompyuta ya mnzanga amene amagwiritsa ntchito Windows ngati ine, ndipo tinangokopera mafayilo awiri aja pamodzi ndi ma DLL a SDL.

Patuluka zina zitatu. Choyamba, zithunzi zingapo zimene zinkatseguka kuchokera m'foda tsopano sizikupezeka m'ZIP, ngakhale ndikatsegula phukusi ndi 7-Zip ndikuziona zilimo. Chachiwiri, nyimbo ikamayamba komanso ikafika kumathero n'kubwerera poyambira, pamakhala kuima pang'ono kumene kunalibe kale. Chachitatu, mawu ena a m'masewerawa ndi a ana a m'kalasi langa, amene makolo awo anavomera kuti ndiwajambule pa ntchito imeneyi yokha, ndiye ndikufunsa ngati kuika password pa ZIP kungateteze mawuwo kuti munthu asawatulutse n'kukawagwiritsa ntchito kwina. Ndikuganizanso zoti masewera azisunga malikisi a mwana aliyense, ndipo sindikudziwa ngati angalembedwe m'phukusi lomwelo.

Wa ku Kamwendo, Mchinji, analemba kuti:

Aphunzitsi, pa zithunzi zosowazo yang'anani zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Windows imaona Mbuzi.PNG ndi mbuzi.png ngati fayilo imodzi, choncho pamene munkawerenga kuchokera m'foda kusiyanako kunkabisika. M'phukusi, PhysFS imayerekeza dzina chilembo ndi chilembo, monga mmene Linux imachitira. Pali ignorecase.c mu extras momwemo yothandiza kuzemba vutoli, koma ine ndikuona kuti kukonza mayina n'kwabwino kuposa: zilembo zazing'ono zokhazokha, popanda mipata, popanda zizindikiro zachilendo. Olekanitsa mafoda akhale / nthawi zonse, osati \ wa Windows. Ngati mayina ali bwino, itanani PHYSFS_enumerateFiles pa "/" n'kusindikiza zimene yapeza, ndipo fayilo ikakana kutseguka sindikizani zimene PHYSFS_getErrorByCode ikunena pa PHYSFS_getLastErrorCode. Anthu ambiri amapanikiza foda yonse ya data, ndiye mayina a mkati amayamba ndi data/ pamene code ikufuna zithunzi/mbuzi.png. Lowani m'fodamo ndi kupanikiza za mkati mwake.

Kuima kwa nyimbo kukuchokera ku Deflate. Deta yopanikizidwa mwa njira imeneyi siwerengeka kuyambira pakati, chifukwa chigawo chilichonse chimadalira zimene zamasulidwa m'mbuyo mwake. Pulogalamu ikafuna kulumphira kutsogolo, PhysFS imayenera kumasula zonse za pakati n'kuzitaya, ndipo ikafuna kubwerera m'mbuyo imayambiranso kumasula kuchokera pa baiti yoyamba. Chowerengera OGG chimalumpha kwambiri potsegula, chifukwa chimapita kumathero kwa fayilo kukapeza kutalika kwa nyimbo n'kubwereranso. Chodandaulitsa n'chakuti ntchito yonseyo ndi yopanda phindu, popeza OGG ndi yopanikizidwa kale, ndipo PNG mkati mwake imagwiritsa ntchito Deflate yemweyo. Kuzipanikizanso sikuchepetsa kanthu kooneka. ZIP imalola kuti fayilo ina isungidwe momwe iliri, mwa njira nambala 0, ndipo ina ipanikizidwe mwa njira nambala 8, m'phukusi lomwelo. Ndi pulogalamu ya zip ya pa terminal, muli m'foda ya data, lembani chonchi:

zip -r -n .png:.ogg ../data.zip .

Mafayilo a PNG ndi OGG asungidwa osapanikizidwa, pamene a WAV ndi font apanikizidwa. Ngati mukugwiritsa ntchito 7-Zip, sankhani kalembedwe ka zip ndi mlingo wa Store, wosunga fayilo osaipanikiza, pa nyimbozo. Musasankhe 7z ngakhale imachepetsa kwambiri, chifukwa kawirikawiri imapanikiza mafayilo ambiri ngati mtanda umodzi, ndipo kuti mufike pa chithunzi chimodzi pamafunika kumasula zonse zimene zili patsogolo pake. N'chimodzimodzi ndi tar.gz.

Ndinenepo maganizo anga ena, ngakhale ena sagwirizana nawo. Popeza zambiri zanu sizifuna kupanikizidwa, mukhoza kulemba phukusi lanulanu osadalira laibulale ina. Masewera a Quake a mu 1996 ankagwiritsa ntchito mafayilo a PAK, amene kalembedwe kake ndi kosavuta kwambiri: mutu wa mabaiti 12 woyamba ndi zilembo PACK, wonena pamene mndandanda uli ndi kutalika kwake, ndipo fayilo iliyonse ili ndi mabaiti 64 m'mndandandamo, 56 a dzina, 4 a pamene yayambira, 4 a kukula kwake. Palibe kupanikiza kulikonse. Munthu wodziwa fseek ndi fread akhoza kulemba chowerengera chake madzulo amodzi, ndipo amamvetsa baiti iliyonse imene pulogalamu yake ikuwerenga. Phukusi lotere silitsegukanso ndi Explorer, ndiye anthu wamba sangatulutse mawu a ana aja mosavuta.

Wa ku Nkhamenya analembanso kuti:

Zonse zimene achimwene a ku Kamwendo anena pa mayina ndi pa Store ndi zoona, ndipo aphunzitsi atsatire momwemo. Koma pa zolemba phukusi lanulanu ndikusiyana nawo. Ngati cholinga ndi kuphunzira, ndi ntchito yabwino ndithu. Koma aphunzitsiwa cholinga chawo ndi chakuti masewera afike m'makalasi ndipo azigwira ntchito pa makompyuta amene iwo sadzawaona n'komwe. Chowerengera cha madzulo amodzi chimagwira pa fayilo yabwinobwino. Nanga fayilo ikafika yoduka, mndandanda n'kumaloza pamalo opitirira mathero ake? Nanga nambala ya kukula ikaonongeka n'kupempha malloc ya magigabaiti angapo? PAK ilibe CRC-32 yoti ikuuzeni kuti baiti ina yasintha pa flash yotopa. Pafunikanso kulemba pulogalamu yachiwiri yomangira phukusi, ndipo mphunzitsi wina akadzafuna kuwonjezera zithunzi zake adzadalira pulogalamu imeneyo. A id Software, eniake a Quake, pofika pa Quake III Arena mu 1999, anasiya PAK n'kuyamba mafayilo a .pk3, amene ndi ZIP wamba. Ndipo wofunitsitsa PAK sayenera kulemba chowerengera, chifukwa PhysFS imawerenga kale PAK ya Quake, WAD ya Doom ndi ena angapo.

Chimene ndingatengere ku Quake ndi china. Iyo inali ndi pak0.pak ndi pak1.pak, ndipo fayilo ya dzina lomwelo ikapezeka m'maphukusi onse awiri, ya m'phukusi lachiwiri ndiyo inkagwiritsidwa ntchito. PhysFS imachita zomwezo kudzera pa nambala yomaliza ya PHYSFS_mount: 1 imaika phukusi kumathero kwa mndandanda wofufuzira, 0 imaliika patsogolo. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti mawu a "nkhu" sanamveke bwino ndipo mwawajambulanso. Simuyenera kutumizanso data.zip yonse. Mumange kaphukusi ka zosintha zokhazo, kokhala ndi dzina lomwelo la mawu/nkhu.wav, masewera akakapeza m'foda akaike ndi 0, ndipo mawu atsopano aphimba akale. Kafayilo kotero kamatumizika pa WhatsApp kwa mphunzitsi wa ku Chulu kapena ku Chamama popanda kumutherera bandulo. Mwa njira yomweyo, mphunzitsi wa kuno kwathu kumene ana ambiri amayankhula Chitumbuka kunyumba akhoza kujambula malangizo m'chiyankhulo chawo n'kuwaika m'kaphukusi kena, osakhudza code yanu.

Tsopano pa password, ndipo apa ndikufuna kunena mosabisa chifukwa nkhani yake ndi ya ana. Password ya ZIP siiteteza mawuwo. Njira yakale yobisira ya ZIP ndi yofooka, ndipo Eli Biham ndi Paul Kocher anaonetsa mu 1994 mmene ingathyoledwere ngati munthu akudziwa mabaiti ochepa a fayilo yoyambirira, pamene mafayilo a WAV ndi PNG amayamba ndi mabaiti odziwika kwa aliyense. Ngakhale mutasankha njira yolimba, masewera anu ayenera kudziwa passwordyo kuti atsegule phukusi, ndiye kuti ikhala yolembedwa mkati mwa pulogalamu imene mukugawira aliyense, ndipo wodziwa amaipeza mosavuta. Komanso mawu aliwonse omveka pa sipika akhoza kujambulidwa. Kusintha dzina la data.zip kukhala data.dat kumathandiza kuti anthu asamatsegule mwangozi n'kufufuta zinthu, ndipo PhysFS imatsegulabe chifukwa imayang'ana za mkati, koma chimenecho si chitetezo. Onetsetsani kuti m'mawuwo ndi m'mayina a mafayilo mulibe dzina la mwana, la sukulu kapena la mudzi, ndipo makolo muwauze poyera kuti masewera akagawidwa, mawuwo akhoza kufika kwa anthu amene inu simukuwadziwa. Kholo limene silingavomere zimenezo, mawu a mwana wake muwachotse n'kujambula anu.

Mayi wa pa Boma analembanso kuti:

Ndigwirizane ndi zimene zanenedwa pa password, ndipo ndiyankhe funso la malikisi limene latsala. PhysFS silemba m'phukusi, imangowerenga, ndipo n'bwino choncho, chifukwa magetsi atazima pamene masewera akulemba mu data.zip, mukhoza kutaya mndandanda wa kumathero uja pamodzi ndi zithunzi zonse. Musalembenso m'foda imene pulogalamu ili, popeza masewera akaikidwa mu Program Files, Windows salola wogwiritsa ntchito wamba kulembamo.

Itanani PHYSFS_getPrefDir ndi dzina lanu ngati wopanga ndi dzina la masewera. Iyo imakupatsani foda yololedwa kulembamo, imene pa Windows imakhala mu AppData, ndipo imaipanga ngati kulibe. Perekani fodayo kwa PHYSFS_setWriteDir kuti PHYSFS_openWrite izilemba mmenemo, ndipo muiikenso ndi PHYSFS_mount kuti muzitha kuwerenga zimene mwalemba. Poganizira kuzima kwa magetsi kuja, musamafufute fayilo yakale ya malikisi musanamalize kulemba yatsopano. Sungani mafayilo awiri, malikisi_a ndi malikisi_b, muziwalemba mosinthanasinthana, iliyonse ikhale ndi nambala yowonjezereka pamzere woyamba ndi mawu otsekera pamzere womaliza. Potsegula, masewera atenge ya nambala yaikulu imene ili ndi mzere womalizawo. Ndipo m'fayilomo lembani nambala ya mwana ya m'kaundula wa kalasi m'malo mwa dzina lake, chifukwa kompyuta imodzi ya pa sukulu imagwiridwa ndi anthu ambiri.